Attati Mpakati

Attati Mpakati anali katswiri wa zachuma komanso wandale wochokera m'boma la Mulanje. Iye ndi mmodzi mwa Amalawi amene anakachita maphunziro apamwamba kunja: anaphunzira ku Soviet Union, kenako ku Sweden ndi ku Germany. Masiku amenewo kuphunzira m'dziko lachikomyunizimu kunali kudziika pa chiswe, chifukwa boma la Kamuzu Banda linkakayikira aliyense wophunzira kumeneko. Mpakati sanathe kubwerera kwawo. Ali kunja anatsogolera chipani cha LESOMA chomwe chinkatsutsa ulamuliro wa Banda. Mu 1979 bomba la m'kalata linamudula zala ku Maputo, ndipo mu Malichi 1983 anapezeka ataphedwa ku Harare.