Kalamba ka pamkono ndi makina a ku Davis

Pachipatala cha Lungwena, kum'mawa kwa nyanja m'boma la Mangochi, mlangizi wa zaumoyo amakulunga kalamba pamkono wa mwana. Kakalozera pofiira, ndiye kuti mkonowo sunafike masentimita 11.5, ndipo nkhani ya chiponde imayamba tsiku lomwelo. Kalambako kamalakwitsa ndithu: wina amakoka kwambiri, wina amalekerera. Komabe kulakwa kwake n'kooneka ndi maso, mnzako amangobwereza.

Lungwena yemweyu analowanso m'kafukufuku wa iLiNS-DYAD, amene analemba amayi oyembekezera 1,391 kuno, ku Malindi, ku Namwera ndi pa Mangochi mu 2011 ndi 2012. Mkaka wa m'mawere wa ena mwa amayiwa unakayezedwa ku University of California, Davis, ndi makina a mass spectrometry, pofuna kudziwa kuchuluka kwa mapuloteni monga lactoferrin ndi lysozyme.

Poyeza chonchi, puloteni amayamba aidula ndi trypsin, makina n'kuyeza kulemera kwa tizidutswa take, akatswiri n'kuwerengera chobwerera kuti inalipo yochuluka bwanji. Pagona nkhani ndi apa, makamaka ukamasaka mapuloteni mazanamazana nthawi imodzi. Kachidutswa kakapanda kuoneka, kodi kulibe, kapena kanachepa moti makina sanakamve? Msodzi wa kuno amadziwa kuti khoka likavuuka lopanda chambo si kuti chambo chatha m'nyanja. Wolemba ziro pampata wotero wapotoza masamu onse, woufufuta nayenso wataya umboni.

Makinawo amasinthanso khalidwe. Zoyeza Lolemba zimatha kusiyana ndi za Lachisanu popanda chifukwa cha m'thupi, n'chifukwa chake odziwa ntchito amasakaniza ndondomeko ya timabotolo, kuti ta amayi a ana opinimbira tisagwere tsiku limodzi. Palinso msampha wa mafunso ochuluka: pamulingo wozolowereka wa 5 peresenti, ukafunsa mafunso 100 amene yankho lake lenileni ndi ayi, asanu kapena apo adzati inde mwangozi chabe.

Ine sindinyoza makina. Kalamba sikangakuuze chimene mwana akuyamwa. Kamangoti wawonda, basi. Koma kamayankha funso limodzi, mayi ali pomwepo, ndipo wokayikira angayezenso mawa. Mkaka umene unakamidwa mwana ali ndi miyezi 6 sungakamidwenso. Kabotolo kakasungunuka panjira, pamzere wa mayiyo pamatsala mpata.