Dzina la pa bulubuku

Lole ya matani atatu ikaima pa Tengani kudikira matumba a thonje kapena mbuzi zopita ku Limbe, odutsa amayang'ana matayala ndi bodi. Mwini wake mtima uli pa kajumbo kamene wabisa kuseri kwa mpando. M'menemo muli bulubuku, mapepala a inshulansi, a COF ndi pemiti yonyamulira katundu. Kuno kuchigwa, kumene madzi a namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 analowa mpaka m'nyumba, kajumboko amakasamala kuposa batire.

Kalembetsedwe ka lole, kukamba pakamwa, n'kachidule. Yochokera kunja ilipiridwe msonkho ku MRA, apolisi atsimikize kuti si yakuba, a Road Traffic ayiyeze, ilandire nambala. Ya malonda nambala puleti yake imakhala ya zilembo zofiira.

Chimene chimandisautsa ine ndi dzina lolembedwa pa bulubukuyo. Munthu wa kuno sagula lole yatsopano. Amagulitsa ng'ombe, n'kukatenga yomwe yatopa kale m'manja mwa anthu awiri kapena atatu. Alemberana kalata, mboni zisaina, makiyi aperekedwa, basi. Koma chiyambire makina atsopano a Road Traffic a MalTIS mu 2015, umwini umasinthidwa pa kompyuta: wogulitsa ndi wogula aliyense akhale ndi khadi lake, ndipo makina amafuna chala cha mwini wake weniweni. Tsono wogulitsa uja akalowera ku Joni, akasintha foni, kapena akamwalira, mafuta ndi matayala amagula ndi wina pamene boma likudziwa wina.

Mukacheza ndi eni malole pakati pa Bangula ndi Marka, madandaulo ake ndi amodzimodzi: galimoto ndi yanga, pepala ndi la eni. Dalaivala amati za mapepala amadziwa ndi abwana, iye zake ndi chiwongolero. Koma pa rodibuloko ya pa Thabwa amene amatsika n'kuyankha mafunso a apolisi ndi iyeyo. Anyamata opakira katundu alibe nazo ntchito za bulubuku, koma lole ikagwidwa, ganyu ya tsikulo yapita.

Pokakonza za mapepala, ambiri amawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, n'kukwera zitunda za Chikhwawa kupita ku ofesi ya Road Traffic ku Ginnery Corner ku Blantyre. Ulendo wotere ndi dizilo, ndi chakudya, ndiponso tsiku la msika lotayika. Akakauzidwa kuti netiweki palibe, amagona m'lole momwemo. Pamenepo ndi pomwe dobadoba amapezera polowera: "Bwana, ndikuthandizeni, zituluka lero lomwe." Akuluakulu a Road Traffic akhala akuchenjeza anthu kuti asamadzere kwa madobadoba, ndipo akunena zoona, poti alipo amene anapereka ndalama n'kulandira pepala lachinyengo. Komabe sindingathe kumuweruza munthu wa ku Tengani amene wagona panja, m'thumba mukuchepa, akamvera mawu okomawo. Amene amadziwa khomo loyambira ndi lotsirizira ali ndi katundu wogulitsa, ndipo wochokera kutali ndiye amagula modula.

Ena amangotopa n'kusiya. Amati bola ikuyenda, za dzina tidzaona. Zimaoneka tsiku lomwe afuna ngongole, a banki n'kukana kulandira lole ngati chikole chifukwa si yawo. Zimaoneka ikachita ngozi, a inshulansi akayamba kufunsa kuti mwini wake ndani. Koma amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi mayi wamasiye. Mwamuna wake anayendetsa lole zaka zambiri, ana aphunzira ndi ndalama zake, mudzi wonse ukudziwa kuti ndi ya pakhomopo. Pofuna kuigulitsa kuti alipire fizi, amapeza kuti ayambe wafufuza munthu amene sanamuonepo, kapena ana a munthuyo, kuti akamupemphe chala.