Mneni "Kumva" ndi Magawo a Kuganiza: Ana a Chicheŵa m'Minda ya Tiyi ya ku Zimbabwe

M'chaka cha 1956, Benjamin Bloom wa ku yunivesite ya Chicago pamodzi ndi anzake adagaŵa zolinga za maphunziro m'magawo asanu ndi limodzi. M'chaka cha 2001, Lorin Anderson ndi David Krathwohl adakonzanso magawoŵa poŵatchula ndi aneni. M'Chicheŵa tingaŵandandike motere, kuyambira chapansi: kukumbukira, kumvetsa, kugwiritsa ntchito, kusanthula, kuunika ndi kupeka chatsopano. Popeza aneni ndiwo msana wa ndondomekoyi, nkhaniyi ikukhudza ife ofufuza ziyankhulo.

Taganizani za ana a ku Samanga m'chigwa cha Honde, ndi a m'minda ya Tanganda ku Chipinge, amene makolo ao akale adachokera ku Nyasaland kudzathyola tiyi. Lamulo lalikulu la dziko la Zimbabwe la chaka cha 2013 lidaŵerengera Chicheŵa pa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Komabe anthu a ku Honde amayankhula Chimanyika, a ku Chipinge Chindau, ndipo maphunziro ambiri amayesedwa m'Chingerezi. Mwana amene amayankhula Chicheŵa pakhomo amaloŵa m'kalasi ndi chiyankhulo chimene sichifunsidwa.

Vuto loyamba lili m'mneni "kumva". Mneniyu amatanthauza kumva ndi khutu, kuzindikira tanthauzo, kumva kuŵaŵa, ndiponso amabala "kumvera". Mphunzitsi akafunsa kuti, "Mwamva?" ana nayankha kuti, "Inde," sitidziŵa ngati mau angoŵapita m'khutu, ngati azindikira, kapena ngati angopereka ulemu kwa wamkulu. Chicheŵa chimasiyanitsa zimenezi ndi msintho wolimbikitsa tanthauzo: kumva, kumvetsa, kumvetsetsa. Chishona nacho chili ndi "kunzwa" ndi "kunzwisisa". Koma ngakhale kumvetsetsa kumachitikira mumtima, ndipo mphunzitsi sangakuone ndi maso.

Nchifukwa chake cholinga cha phunziro chiyenera kulembedwa ndi mneni wa ntchito yooneka. Titenge phunziro la tiyi. Kuti "tchulani maboma amene amalima tiyi" ndi kukumbukira chabe. Kuti "fotokozani chifukwa chimene tiyi amafunira mvula yambiri" ndi kumvetsa. Kuti "siyanitsani nyengo ya ku Honde ndi ya kuchigwa cha Save" ndi kusanthula. Kuti "gamulani ngati mlimi wa munda waung'ono apindula ndi tiyi kapena nthochi, ndipo perekani zifukwa" ndi kuunika. Aneni onseŵa ndi a Chicheŵa chenicheni, osabwereka.

Vuto lachiŵiri ndi lalikulu koposa. Mwana angathe kuloŵeza mayankho m'chiyankhulo chimene sachidziŵa bwino, koma sangathe kutsutsa kapena kupereka zifukwa m'chiyankhulo chotero. Motero amaoneka ngati wakanirira pa gawo loyamba, pamene madzulo ake omwewo amamasulira zilape ndi kutanthauzira miyambi pamaso pa agogo ake. Zimenezi ndi ntchito za kusanthula ndi kuunika. Mayeso amene sazindikira izi amayesa chiyankhulo, osati nzeru.

Choncho ntchito yathu ndi iŵiri: kusonkhanitsa aneni a Chicheŵa oyenera gawo lililonse, mogwirizana ndi anzathu a ku Malaŵi, Zambia ndi Mozambique, ndiponso kulimbikitsa kuti mwana aziloledwa kuyamba kufotokoza maganizo ovuta m'chiyankhulo chake asanaŵasamutsire m'Chingerezi.