Ku Mbala Kuli Moto Womwe Sunazime

Ambiri mwa ife tikamva dzina la Mbala timangoganiza za nyemba, zija timalimbirana pa Soweto Market. Koma tauni imeneyi, yomwe ili pamwamba pa mapiri kufupi ndi malire a Tanzania, imasunganso chuma china chomwe sichilowa m'saka.

Ndinakwera basi pa Intercity masana, kudutsa Kabwe, Kapiri Mposhi, Serenje, Mpika ndi Kasama. Ndi mtunda wopitirira makilomita 1,000, ndiye imwe amene mumadandaula ndi jamu ya pa Great East Road, uku ndi kwina. Titafika m'mawa, mphepo inandilandira bwino zedi. Mbala ili pamtunda wa mamita opitirira 1,600, choncho juzi musaiwale.

Chomwe ndinapitira ndi Moto Moto Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale yomwe ili kunja pang'ono kwa tauni. Anaiyamba ndi wansembe wa Katolika wa ku Canada, Bambo Jean-Jacques Corbeil, amene anabwera m'dziko muno m'zaka za m'ma 1940. Poyenda m'midzi ankatolera ng'oma, misampha, mankhwala azitsamba, zida za osula zitsulo, ngakhale njoka. Mu 1974 zinthuzi zinakhala za dziko lonse. Dzina la Moto Moto ndi lija anthu anapatsa Bishopu Joseph Dupont wa ku France, yemwe anatsegula mishoni ya Chilubula pakati pa Abemba.

Pa njoka paja ndinaimapo nthawi. Zili m'mabotolo, zakufa kale, koma mtima umagundabe. Ubwino wake umaphunzira kusiyanitsa yaululu ndi yopanda vuto, nzeru yomwe mwana wokulira m'Kanyama kapena Chawama saipeza pena paliponse.

Kumene kunandigwira mtima kwambiri ndi ku mbusa. Izi ndi tinthu toumba ndi dothi tomwe banachimbusa amaphunzitsira namwali pa chisungu. Kalikonse kali ndi nyimbo yake ndi tanthauzo lake: za ulemu, za kusunga nyumba, za udindo wa mwamuna ndi wa mkazi. Bambo Corbeil analemba buku lonse pa nkhaniyi. Manje taonani za kuno kwathu: pa kitchen party timawerenga mapoto ndi mafiriji, chiphunzitso n'kuchipanikiza m'masiku awiri chabe chifukwa aliyense ali bize. Azimayi odziwa nyimbo zija akukalamba. Dothi lingakhale m'galasi zaka zambiri, koma nyimbo ikapita ndi mwini wake, chotsala ndi chidole.

Kulinso miyala yosema yochokera ku mathithi a Kalambo, komwe madzi amagwa mamita opitirira 200. Katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark anayamba kugwira ntchito kumeneko mu 1953. Ndipo mu 2023 akatswiri otsogozedwa ndi Larry Barham wa ku University of Liverpool analengeza kuti mitengo iwiri yosemedwa ndi kulumikizidwa, yomwe anaipeza ku Kalambo, yakhalapo zaka zosachepera 476,000. Palibe chomangidwa ndi mitengo chakale kuposa ichi chomwe chapezeka padziko lonse. Nkhaniyi inamveka mpaka ku London, koma tafunsani mnzanu amene mwapanikizana naye pampandopo ngati anaimva.

Tauni yeniyeniyo nayo ndi mbiri. Nthawi ya atsamunda inkatchedwa Abercorn. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse inatha ku Ulaya pa 11 Novembala 1918, koma mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anamva mochedwa ali m'tchire. Anadzapereka zida ku Abercorn pa 25 Novembala. Pafupi pomwepo pali nyanja yaing'ono ya Chila, kumene Amambwe ndi Alungu amachitira mwambo wa Mutomolo wothokoza zokolola.

Tsiku lomwe ndinapita, alendo tinali ochepa moti mapazi anga ankamveka m'chipinda chonse. Zoona, transipoti ndi yodula, ndipo si aliyense angasiye ntchito masiku atatu. Koma nyumba zotere zimakhala ndi moyo anthu akamalowamo. Boma likaona kaundula wa alendo ali mbee, lidzaikamo bwanji ndalama zokonzera denga?

Ngati muli ndi ulendo wa ku Mpulungu kukagula kapenta, Mbala ili pafupi, makilomita 40 kapena kupitirirako pang'ono. Tsikani, maola awiri akwana. Ngati kumpoto simufikako, yambirani pafupi: Lusaka National Museum ili pa Independence Avenue, pomwe minibasi yanu imadutsa tsiku ndi tsiku. Loweruka likubwerali tengani ana, muuze kondakitala akutsitseni pamenepo.