CHIZUNGULIRE NDI BEFU PA NTCHITO YA THUKUTA: KODI GWERO LAKE NCHIYANI?

Tambala woyamba akangolira, msewu wa M1 wochokera ku Zalewa kudzera pa Lirangwe ndi pa Lunzu umayamba kudzaza ndi njinga. Amuna amapalasa atamangirira matumba a nandolo, chimanga kapena makala, ulendo wa kumisika ya mumzinda wa Blantyre. Njira yake ndi yokwera, popeza mzindawu uli pamtunda kuposa madera oyandikana ndi mtsinje wa Shire. Nthawi yomweyo m'midzi ya ku Chileka amayi amakhala atasenza ndowa kuchokera kumjigo, ena ali kumunda kugalauza. Madzulo anyamata amakumana pabwalo la mpira, atsikana pa ntchemberembaye.

Pa ntchito ndi masewera otere, kutopa, thukuta ndi kupuma mofulumira nzachibadwa. Koma alipo ena amene amamva zoposa kutopa: chizungulire, chidima m'maso, mseru, litsipa, kubanika, mwinanso kukomoka kumene. Ambiri amabisa poopa kutchedwa aulesi, ndipo ena amafulumira kuganiza kuti alodzedwa. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Zizindikiro zimenezi zili ndi magwero odziwika bwino. Ena mwa magwerowo amatha ndi mthunzi, madzi ndi chakudya, pomwe ena ndi matenda ofunika chithandizo cha kuchipatala. Nzeru ndi kudziwa kusiyanitsa.

DZUWA NDI LUDZU

Ku Chileka ndi ku Lirangwe kumatentha kuposa mumzinda wa Blantyre, makamaka m'miyezi ya Okotobala ndi Novembala, nyengo yomwenso alimi amakhala pakalikiliki kuunga mizere. Munthu wogwira ntchito yolimba padzuwa angathe kutaya madzi okwana lita imodzi kapena kuposerapo pa ola limodzi kudzera m'thukuta, ndipo pamodzi ndi madziwo mumatayikanso mchere. Madzi akachepa m'thupi magazi sayenda mokwanira kupita kuubongo. Apo mpamene mutu umawawa, m'maso mumada ndipo miyendo imakokana. Mkodzo wochepa ndi wachikasu kwambiri ndi umboni woti thupi lauma. Amene adagonera kachasu kapena amene watsegula m'mimba amayamba ntchito thupi lili louma kale.

Wotere apume pamthunzi, amasule zovala ndi kumwa madzi pang'onopang'ono. Thobwa ndi madzi a Thanzi ORS zimathandizanso. Paketi imodzi isungunulidwe m'madzi aukhondo okwana lita imodzi. Koma munthu akatentha thupi kwambiri nayamba kubwebweta, kudzandira ngati woledzera kapena kukomoka, moyo wake uli pachiswe. Ameneyo athiridwe madzi thupi lonse, akupizidwe mphepo, ndipo atengeredwe kuchipatala msangamsanga.

NJALA NDI KUKHUTA

Minofu imagwira ntchito ndi shuga wochokera m'chakudya monga momwe chigayo chimayendera mafuta. Wolawirira kumunda osadya kanthu, dzuwa likamafika paliwombo amayamba kunjenjemera manja, kutuluka thukuta lozizira ndi kufooka m'mawondo. Phala, mbatata, chinangwa chophika kapena mkute zimateteza vutoli. Odwala matenda a shuga amene amabaya jakisoni wa insulini kapena kumwa mapiritsi ena otsitsa shuga ayenera kusamala koposa, pakuti ntchito yolimba imatsitsa shuga mofulumira. Iwowa asayambe ntchito ndi njala, ndipo aziyenda ndi kashuga kapena siwiti m'thumba.

Kukhuta kwambiri nakonso kuli ndi vuto lake. Wothamangira mpira atangosamba m'manja kuchokera pansima amamva mseru ndi kubaya m'nthiti, chifukwa magazi amene akadathandiza kugaya chakudya amathamangira kumiyendo. Ndi bwino kudikira maola awiri chakudya chitsike. Chimodzimodzi wothamanga kapena wopalasa njinga asaime mwadzidzidzi. Ayende pang'ono kaye kuti magazi asaunjikane m'miyendo ndi kumchititsa chizungulire.

KUCHEPA KWA MAGAZI

Ngati munthu wadya, wamwa, kunja sikunatenthe, koma akuchitabe befu pa kamtunda kamene kale ankakwera akucheza, choyamba kuganizira ndi kuchepa kwa magazi. Magazi ndiwo amanyamula mpweya wabwino kuchokera m'mapapo kupita kuminofu. Akachepa, mtima umagunda mofulumira kuti ukwaniritse ntchito, ndipo mwini wake amaumva ukudumpha m'chifuwa. Zikhatho, lilime ndi kunsi kwa zikope zimayererako.

Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa m'zaka za 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi, 33 anali ochepa magazi. Zochepetsa magazi ndi malungo obwerezabwereza, njoka za m'mimba zolowera kumapazi kwa oyenda opanda nsapato, likodzo lotengedwa posamba ndi kuchapa m'madzi odikha a m'mitsinje ndi m'madamu, kutaya magazi ambiri pa nthawi ya kumwezi, uchembere wa pafupipafupi ndi kusowa zakudya zoyenera. Zonsezi zili ndi mankhwala: LA wa malungo, praziquantel wa likodzo, albendazole wa njoka, ndi mapiritsi owonjezera magazi. Pakhomo, ndiwo monga bonongwe, chisoso, nkhwani, nyemba, nandolo, usipa ndi chiwindi zimathandiza kupanga magazi, makamaka zikatsatana ndi zipatso monga malambe, magwafa ndi masau. Tiyi womwera pachakudya amalepheretsa thupi kutenga bwino mphamvu yopangira magazi ya m'ndiwozo.

Amene wangochira malungo asathamangire khasu lalikulu kapena mpira. Thupi limafuna masiku kuti libwezeretse magazi amene adawonongeka.

MTIMA NDI MAPAPO

Gwero loopsa kuposa onse ndi mtima. Matenda a kuthamanga kwa magazi, omwe ambiri amawatcha BP, kawirikawiri sapweteka paliponse, koma pakapita zaka amatopetsa mtima. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi matendawa, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Kuyezetsa kumatenga mphindi zochepa chabe, ndipo sikupweteka. Muyeso ukamapezeka pa 140/90 kapena kuposa pamenepo masiku angapo, munthuyo afunika malangizo ndi chithandizo.

Ana ndi achinyamata nawonso amadwala mtima. Zilonda za pakhosi zikapanda kuchizidwa, mwa ana ena zimatsatidwa ndi kutentha thupi ndi kutupa kwa mfundo za mafupa, kenaka zitseko za m'kati mwa mtima zimawonongeka. Mwana wotere amatsalira anzake akamathamanga, amakhala pansi mpira uli m'kati, ndipo usiku amabanika akagona chagada. Mwa amayi vutoli limakonda kuonekera pa nthawi ya pakati. Mapazi akayamba kutupa, achibale ena amati ndi tsempho nayamba kufufuza amene wadula mwanayo, nthawi nkumapita. Matendawa akadziwika msanga, jakisoni wa penisilini wa mwezi ndi mwezi amateteza mtima kuti usapitirire kuwonongeka.

Mphumu imadziwika ndi kulira kwa m'chifuwa ndi kutsokomola munthu akangothamanga, makamaka m'fumbi la chilimwe, mu utsi wa moto wa tchire kapena m'mawa mozizira mwa Juni ndi Julaye. Mankhwala opopera m'kamwa amathandiza kotero kuti wodwala mphumu angathe kusewera mpira monga anzake. Koma befu wotsatana ndi chifuwa chosatha, kuwonda ndi thukuta la usiku afunika kuyezetsa makhololo, pakuti chingakhale chifuwa chachikulu cha TB, chomwe chimachizika ndipo mankhwala ake ndi aulere.

ZIZINDIKIRO ZOSAFUNIKA KUDIKIRA

Munthu asiye ntchito pomwepo ndi kupita kuchipatala tsiku lomwelo akaona izi:

1. Kupweteka kapena kuthina m'chifuwa, makamaka kofalikira kumkono, kukhosi kapena kunsagwada.
2. Kukomoka ntchito kapena masewera ali m'kati.
3. Kubanika kosatha ngakhale atapuma.
4. Mtima kugunda modumphadumpha pamodzi ndi chizungulire.
5. Kupotoka kwa kamwa, kulephera kuyankhula bwino, kapena kufooka kwa mbali imodzi ya thupi.

Wokomoka agonekedwe pamthunzi chammbali, ndipo asamwetsedwe kanthu mpaka atatsitsimuka, pakuti madzi angalowe m'mapapo.

POFIKA KUCHIPATALA

Zipatala zazing'ono za ku Chileka ndi ku Lirangwe, ndiponso chipatala cha Mlambe pa Lunzu, ndizo poyambira. Ofunika kupimidwa mtima mwapadera amatumizidwa kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chomwe ambiri amachitcha ku Gulupu. Wodwala atenge buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, popeza mankhwala ena a BP amachulukitsa mkodzo ndipo angathe kubweretsa chizungulire padzuwa. Asawasiye yekha, dokotala ndiye angasinthe. Afotokoze bwinobwino ntchito imene amagwira vutolo likamayamba, ngati amakhala atadya, ngati limatha akapuma, ndiponso kuti lachitika kangati. Kungonena kuti "thupi lonse likuwawa" sikuthandiza dokotala kupeza gwero.

Ntchito ya thukuta ndi masewera si mdani wa thupi ayi. Zimalimbitsa mtima, zimatsitsa BP ndi shuga. Chofunika ndi kulawirira kunja kusanatenthe, kudya kanthu, kunyamula madzi ndi kupuma dzuwa likaswa mtengo. Chizungulire cha tsiku limodzi chimene chatha ndi mthunzi ndi chikho cha thobwa sichodetsa nkhawa. Koma chimene chikubwerabwera, kapena chikudza pa ntchito yochepa kusiyana ndi kale, chiyenera kukaonedwa kuchipatala. Tsiku limodzi lotayidwa pamzere wa kuchipatala ndi laling'ono poliyerekeza ndi dzinja lonse munda uli wopanda woulima.