Tsiku lopuma pa ulendo wa utumiki si tsiku lotayika

Ntchito yanga ndi yosamalira anthu amene mipingo imawatuma kukatumikira kunja kwa dziko, kaya kwa masabata awiri, kaya kwa zaka. Ndimakhala nawo pansi asananyamuke, ndimawafunsa za moyo ali komweko, ndipo akabwerako ndimawamvetsera. Ambiri akamva za ntchitoyi amayesa kuti ndi yopempherera ofooka m'chikhulupiriro. Pemphero lilimo ndithu, koma mbali yaikulu ndi ya zinthu wamba: tulo, chakudya, madzi akumwa, ndondomeko ya tsiku, ndi munthu woti n'kumuuza zakukhosi. Mfundo yanga ndi yakuti kupuma kuyenera kulembedwa pa ndondomeko ya ulendo gulu lisanakwere basi kapena ndege, pamodzi ndi misonkhano yachitsitsimutso ndi ulaliki wa khomo ndi khomo. Kutsitsimuka kwa mzimu kumene ambiri amakuyembekezera pa maulendowa sikubwera chifukwa chakuti munthu wawoloka malire. Kumabwera akapatsidwa mpata woima.

Choyamba tione zimene zimachitikira thupi ndi maganizo. Mu 1960 katswiri wa zachikhalidwe Kalervo Oberg anafotokoza za kubalalika kumene kumagwira munthu akalowa m'dziko lachilendo. Kwathu sitiganizira n'komwe za kapatsidwe ka moni, za nthawi yoyenera kuseka, kapena za dzanja lolandirira chakudya, chifukwa zonsezi zinatilowerera kale. Kwa eni chilichonse chimafuna kuganizira, ndipo ubongo umatopa ngakhale miyendo isanayende mtunda. Onjezanipo kulalikira kudzera mwa womasulira, chakudya chimene mimba sinazolowere, ndi kusiyana kwa nthawi. Wopita ku Tete kapena ku Lichinga wotchi yake sisintha, koma wopita ku India amapeza kuti kumeneko ali patsogolo ndi maola atatu ndi theka, ndipo thupi limatenga masiku angapo kuti tulo tibwerere m'malo mwake. Masiku oyamba chisangalalo chimabisa zonsezi. Kenako munthu amayamba kupsa mtima ndi anzake pa zinthu zazing'ono, akatsegula Baibulo mawu salowa, akagwada pemphero limauma. Apa ambiri amati Satana waukira gulu, kapena pali wina wachimwa. Sindikana kuti nkhondo yauzimu ilipo. Koma mtsogoleri amene amayankha kutopa koteroko ndi kusala kudya komanso pemphero la usiku wonse, asanafunse kuti anthu ake agona maola angati sabata imeneyo, amathira mchere pa bala.

Malemba enieniwo sachita manyazi ndi nkhani ya thupi. Pa 1 Mafumu 19, Eliya wangochoka pa chigonjetso cha pa phiri la Karimeli, wathawa Yezebeli, ndipo ali m'chipululu akupempha imfa. Mngelo sanayambe ndi kumudzudzula. Anamupatsa mkate ndi madzi, Eliya nagonanso, nadyanso kachiwiri, ndipo kukumana ndi Mulungu kunadza pambuyo pake, ku Horebu. Tulo ndi chakudya ndizo zinatsogola. Pa Marko 6, ophunzira atabwerako kumene anawatuma awiriawiri, Yesu anawatengera padera kuti akapume, chifukwa anthu anachuluka mpaka analibe mpata wakudya. Wina anganene kuti khamulo linawatsatira ndipo kupumako kunasokonekera. Zoona, ndipo pa ulendo wa utumiki zotere zimachitika. Komabe taonani kuti usiku womwewo Yesu anabalalitsa khamulo yekha n'kukwera m'phiri kukapemphera. Kupuma kukasokonezedwa ndi chifundo amakubwezera, sakufafaniza.

Chotsutsa chimene ndimachilemekeza kwambiri ndi cha ndalama. Ulendo wotere umayenda pa zopereka za anthu osauka: amayi a chigwirizano ndi a mvano amene anagulitsa mandasi, alimi amene anapereka thumba la chimanga, achinyamata amene anatsuka magalimoto. Kodi si kuwabera kukhala tsiku lathunthu osalalikira, masiku ake ali khumi okha? Funsoli n'loyenera, ndipo wolifunsa asamaonedwe ngati wouma mtima. Koma tiwerengere bwino. Anthuwa sanapereke ndalama kuti agule maola ambiri a munthu woima pa guwa maso ali psuu. Anapereka kuti uthenga ufike bwino ndipo ubale ndi mpingo wa kumeneko ulimbe. Mlaliki wotopa amabwereza zimene ananena dzulo, amakalipira womasulira, samva zimene wodwala akumuuza. Masiku asanu ndi anayi a munthu wamphamvu amabala zambiri kuposa masiku khumi a munthu amene wangotsala dzina. Chofunika n'chakuti mpingo wotuma uuzidwe poyera kuti pa ndondomeko pali tsiku lopuma ndi chifukwa chake, kuti lisamaoneke ngati chinthu chobedwa.

Ena amaloza amishonale akale, amati iwowo sankadziwa zopuma, anangodzipereka mpaka imfa. Mbiri ya dziko lathu lomwe ikuyankha. Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875, ndipo manda a amene anamwalira m'zaka zoyambazo akadalipo. Mwa alaliki achikhosa amene anachokera ku Lovedale ku South Africa mu 1876, Shadrach Mngunana anamwalira chaka chotsatira, ndipo William Koyi anamwalira mu 1886 akutumikira pakati pa Angoni. Kudzipereka kwawo sitingakupeputse. Koma otsalawo sanaone imfazo ngati chinthu choti chizingopitirira. Anasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 anakwera ku Khondowe, kumtunda kozizira. Mmodzi wa iwo, Robert Laws, amene anali dokotala, anatumikira kuno zaka zoposa 50, ndipo pakati pa zakazo ankabwerera ku Scotland pa tchuthi. Ngakhale m'masiku athu, kafukufuku wa bungwe la World Evangelical Fellowship amene anasindikizidwa mu 1997 anapeza kuti chaka chilichonse pafupifupi mmishonale mmodzi mwa 20 alionse ankasiya ntchito, ambiri mwa iwo pa zifukwa zopeweka. Kufera Khristu ndi kwina, kugwa chifukwa palibe anakusamala ndi kwinanso.

Palinso mantha akuti tikalola kupuma, ulendo usanduka wokaona malo, wodzaza ndi zithunzi za pa Facebook ndi kugula katundu m'misika. Manthawa ali ndi maziko, ndipo ine ndimawamva. Koma tsiku loyenda m'misika kuyambira m'mawa mpaka madzulo si tsiku lopuma, ndi ntchito ina yotopetsa yovala malaya atsopano. Kupuma kumene ndikunena n'kosavuta kufotokoza: kugona mokwanira, foni itazimitsidwa, ola limodzi la munthu payekha ndi Mulungu wake, osakonzekera ulaliki, madzulo gulu kukhala pansi aliyense n'kunena chimene chamulemera ndi chimene chamusangalatsa, popanda womuwongolera, ndipo Lamlungu limodzi kukhala pa benchi n'kumvera mbusa wa kumeneko akulalikira. Chomalizachi ndicho chovuta kwambiri kwa ife atumiki, ndiponso ndicho chimatsitsimutsa kwambiri. Tinazolowera kupatsa, kulandira kumatichititsa manyazi. Komatu mlendo ndi mame, eni mudzi ndiwo amatsala ndi ntchito ife titapita. Kumva Akhristu a chilankhulo china akuimba ndi kupemphera popanda thandizo lathu kumachotsa pa mapewa katundu amene sanali wathu, wa kuganiza kuti ufumu wa Mulungu ukudikira ifeyo. Tisaiwalenso kuti olandira alendo nawo amatopa. Amayi amene akuphikira gulu la anthu khumi ndi awiri katatu pa tsiku, ndi womasulira amene walankhula maulaliki onse kawirikawiri kuposa mlaliki aliyense, amapuma pokhapokha alendo akapuma.

Mbali imene mipingo yambiri imaiwala ndi ya pobwerera. Paulo ndi Barnaba atamaliza ulendo wawo woyamba anabwerera ku Antiokeya, kumene anawatuma, anafotokoza zonse, kenako anakhala ndi abale nthawi yaitali asanayambe ulendo wina. Ifeyo munthu amatsika basi Loweruka usiku, Lamlungu m'mawa tamuimika kutsogolo kuti apereke umboni, Lolemba ali ku ntchito. Umboni wotere umangotchula zabwino zokhazokha, chifukwa zowawa sizinapeze pozinenera. Langizo langa kwa abusa ndi akulu a mpingo n'lakuti lipoti la pa guwa lidikire sabata imodzi kapena awiri, ndipo m'masiku amenewo pakhale munthu mmodzi wokhwima, wosunga chinsinsi, woti akhale ndi wobwerayo pa khonde n'kumufunsa za ulendo wonse, kuphatikizapo masiku amene analakalaka atabwerera kwawo.