Kulumpha katatu si masewera a ana

Ambiri akaona mpikisano wa triple jump pa kanema amangoti ndi kudziponya mumchenga basi. Ine ndimakana. Wothamanga akaponda thabwa amadumpha n'kutera ndi mwendo womwewo, kenako amatanyula n'kutera ndi mwendo winawo, ndipo kachitatu ndi pamene amagwera mumchenga. Chala chikangopyola thabwa, kulumpha konseko sikuwerengedwa. Mwendo ukafooka pakatipo, liwiro lonse latha.

Amayi anayamba kuchita nawo masewerowa pa mpikisano wa dziko lonse lapansi mu 1993 ku Stuttgart. Kwa ine katswiri wawo ndi Yulimar Rojas wa ku Venezuela, amene analumpha mamita 15.74 ku Belgrade mu 2022, kuposa mayi wina aliyense m'mbiri.

Pa mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Budapest mu 2023, atalumpha kasanu, Rojas anali pa nambala 8, mwayi utatsala umodzi. Analumpha mamita 15.08, kuposa Maryna Bekh-Romanchuk wa ku Ukraine ndi masentimita 8, n'kutenga golide kachinayi motsatizana.

Choncho mukamaonera mpikisanowu, musachoke pampando womaliza asanalumphe.